Amene Ankadikira Kunyumba: Mbiri ya Mafilimu a Oimba Jazi

Mu 1955 makampani akuluakulu a mafilimu ku America ankatsatabe lamulo lawo lotchedwa Production Code, lomwe linkaletsa kuonetsa pa kanema nkhani za mankhwala osokoneza bongo. Otto Preminger sanalisamale. Anajambula The Man with the Golden Arm, momwe Frank Sinatra anasewera ngati Frankie Machine, mwamuna wa ku Chicago wongotuluka kumene kundende, wofunitsitsa kusiya njuga ndi jakisoni kuti akhale woimba ng'oma m'gulu la jazi. Oyang'anira lamulolo anaikana filimuyo, kampani ya United Artists inaitulutsabe, ndipo mu 1956 lamulo linafewetsedwa.

Kuyambira pamenepo woimba jazi wogwidwa ndi chibaba cha heroin sanasowenso pa kanema. Chimene chakhala chikusintha ndi malo amene mafilimuwa amapereka kwa abale ake.

Poyamba banja linkaoneka ngati goli. Mkazi wa Frankie, Zosh, amanamizira kulumala, kumakhala pa njinga ya olumala kuti mwamuna wake azidziimba mlandu, asamusiye. Mu 1972 zinthu zinatembenuka, koma choonadi sichinayandikire. Mu Lady Sings the Blues, Diana Ross anasewera ngati woimba Billie Holiday, ndipo mwamuna wa Holiday, Louis McKay, anaonetsedwa ngati njonda yoleza mtima yomulanditsa ku mankhwala. Komatu anthu amene ankamudziwa Holiday ananena kuti McKay ankamumenya. McKay yemweyo anali mlangizi wa ojambula filimuyo, pamene mwininkhani anali atagona kale m'manda: anamwalira mu 1959 ali ndi zaka 44, apolisi akumulondera m'chipatala ku New York.

Filimu imene inalowadi m'nyumba ndi Bird ya Clint Eastwood, ya mu 1988. Forest Whitaker anasewera ngati Charlie Parker, katswiri wa saxophone, mpaka anapata mphoto ku Cannes. Chan, mkazi amene ankakhala ndi Parker m'zaka zake zomaliza, anathandiza ojambula, ndipo dzanja lake likuoneka. Mu 1954 mwana wawo wamng'ono, Pree, anamwalira ku New York bambo ake ali ku Los Angeles. Filimuyo imaonetsa Parker usiku, lamya ili m'manja, akutumiza telegalamu kwa Chan. Yoyamba ili ndi mutu ndi mchira. Akumaliza, akuimbanso, akutumiza ina, kenaka ina, mawu akunka nabalalika. Zimenezi zinachitikadi, ndipo matelegalamuwo anasungidwa. Chaka chomwecho Parker anamwa ayodini pofuna kudzipha. Anamwalira mu March 1955 ali ndi zaka 34, ndipo dokotala wopima mtembo anamuyesa munthu wopyola zaka 50.

Mavuto a Chan sanathere pamenepo. Popeza ukwati wawo sunalembedwe kuboma, analibe mawu pa mwambo wa maliro, ndipo thupi linakaikidwa ku Kansas City, kwawo kwa Parker. Kusowa kwa m'nyumbamo nakonso kunali ndi gwero lodziwika. Nthawi imeneyo woimba aliyense ku New York ankafunika chitupa cha apolisi kuti aimbe pamalo ogulitsa mowa, ndipo wokhudzidwa ndi mankhwala ankalandidwa. Holiday analandidwa mu 1947, Parker mu 1951. Chilango chinkalunjika kwa woimba, koma chinkafika mpaka pa lendi ndi chakudya cha ana.

Chaka cha 1988 chomwecho Bruce Weber anatulutsa Let's Get Lost, yofotokoza za Chet Baker, woimba lipenga. Muno mulibe osewera, akulankhula ndi eni ake. Weber anapita ku Oklahoma kukacheza ndi mkazi wa Baker ndi ana ake, amene bambo wawo ankangowatulukira mwa kamodzikamodzi. Anafunsanso mayi ake okalamba ngati Chet anawakhumudwitsa monga mwana. Mayiwo anakhala kaye chete, kenaka anavomera, napempha kuti nkhaniyo asaipitirize. Ndi mphindi yochepa, koma imalemera kuposa zithunzi zonse zokongola za Baker ali mnyamata zimene zadzaza filimuyo. Baker sanaione: anagwa kuchokera pawindo la hotela ku Amsterdam mu May 1988.

Ziyenera kunenedwa kuti mafilimu ambiri a mtunduwu ali ndi chilema chimodzi. Amakometsa kuwonongeka, ngati kuti luso ndi jakisoni zimayendera limodzi. Bodza limeneli linapweteka achinyamata ambiri amene ankaganiza kuti akabaya adzaimba ngati Parker, ndipo Bird imaonetsa Parker mwini akukalipira Red Rodney, mnzake woimba lipenga, atazindikira kuti nayenso wayamba.

Amene anagwira kamera ya Let's Get Lost anali Jeff Preiss, ndipo mu 2014 anatsogolera filimu yakeyake, Low Down. Apa wofotokoza ndi mwana. John Hawkes anasewera ngati Joe Albany, woimba piyano amene anaimbapo ndi Parker. Elle Fanning anasewera ngati mwana wake, Amy-Jo, mtsikana wokulira m'zipinda zotchipa za ku Hollywood m'zaka za m'ma 1970, mayi ake atamira mu mowa. Bambo akamangidwa kapena akanyamuka kupita ku Ulaya, Amy-Jo amakakhala kwa agogo ake, omwe anaseweredwa ndi Glenn Close. Nyimbo amazimva, ndipo amazikonda ndi mtima wonse, koma nthawi zambiri kamera imakhala pa nkhope yake akuyang'ana ngati lero bambo ali bwino.

Joe Albany anamwalira mu 1988. Buku la mwana wake, limene filimuyo inachokera, linatuluka mu 2003, ndipo Amy-Jo yemweyo analemba nawo mawu amene osewerawo analankhula.