Lipenga la chikho ndi nyimbo za anyamata alero

Kwathu ku Likoma, mkulu akamva mnyamata akulakatula mawu mothamanga pamwamba pa ting'oma ta m'foni, amapukusa mutu n'kunena kuti ana atengera za ku America. Ine sindikana kuti hip-hop inachokera kutali. Chimene chimandiseketsa n'chakuti mkulu yemweyo, ikafika nyengo ya malipenga, amachapa kabudula woyera, kukweza sokosi mpaka m'mawondo, n'kumanyang'wa pabwalo ngati sajeni wa Mfumu George. Nanga zimenezo anatengera kwa agogo ake ati?

Tiyambe ndi za alendozo. Hip-hop inabadwira ku Bronx, dera la anthu osauka mumzinda wa New York. Pa 11 Ogasiti 1973 mnyamata wochokera ku Jamaica, DJ Kool Herc, anaimba magalamafoni paphwando la mlongo wake Cindy, amene ankafuna ndalama zogulira zovala za kusukulu. Analibe bandi. Anatenga mbale ziwiri za nyimbo imodzi n'kumabwereza pamene ng'oma zalira zokha, anzake n'kumayankhula pamwamba pake. Poyamba zinali zachisangalalo chabe, koma mu 1982 inatuluka nyimbo ya The Message, ya gulu la Grandmaster Flash and the Furious Five, yosimba za ngongole, ulova ndi nyumba za makoswe. Kuyambira pamenepo dziko linadziwa kuti chamba chimenechi chikhoza kusenza madandaulo a munthu wodya za thukuta lake.

Tsono bwererani nane kunyanja. Cha m'ma 1890, m'matauni a Chiswahili monga Mombasa ndi Lamu, anyamata ankaonerera mabandi a asilikali achizungu n'kuyambitsa gule wowatsanzira, beni. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga anabwerera kwawo ndi maguba m'miyendo, ndipo m'mbali mwa nyanja yathu munamera mganda ndi malipenga. Katswiri wa mbiri yakale T. O. Ranger analondola ulendo wa gule ameneyu m'buku lake la mu 1975. Lipenga lamkuwa msodzi akanaligula ndi chiyani? Anathyola chikho, kuchiboola, kumata nembanemba ya kangaude pabowo, n'kumaimbira m'menemo. Gulu lililonse analitcha boma, lokhala ndi mfumu yake, akapitawo ake, ngakhale dokotala wake, ndipo boma lina linkapita kukapikisana ndi linzake, ena kuwoloka ndithu pabwato kupita ku Chizumulu. Mukaona anyamata awiri alero akulasana ndi mawu pamaso pa anzawo, musadabwe. Mpikisano wotere ife tinauona kale, mbiri ya mudzi wonse ili pamiyendo ya ovina.

Chilumba chathu n'chamiyala ndi mchenga, cha milambe ndi chinangwa. Sichinadyetsepo ana ake mokwanira. Amishoni a UMCA atakhazikika mu 1885, n'kuyamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter pa Chipyela mu 1903, anabweretsa sukulu, ndipo sukuluyo inakhala ngati bwato lotulukira. Alikoma anakhala akalaliki, aphunzitsi, amisiri ndi antchito a m'sitima kuyambira ku Zomba mpaka ku Salisbury ndi ku Joni. Ena anatchona. Amene ankabwerako ankabwera ndi shati yoyera ndi nsapato zowala, zovala zenizeni za malipenga.

Apa ndiye pali kusiyana kumene ndimakuganizira kwambiri. Wovina malipenga ankabisa umphawi wake. Munthu amene sabata yonse wakhala akukoka khoka kapena kunena kuti "inde bwana" ankalowa m'bwalo ali mbee, mpango m'manja, kuuza dziko kuti nayenso ndi bwana. Madandaulo enieni ankamveka kwa amayi, pamtondo ndi m'nyimbo zawo, zodandaula mwamuna amene anakwera sitima osalembanso kalata. Woimba hip-hop amachita zosiyana: amavundukula bala n'kukuuzani kuti taonani.

Kuvundukula kotereku sikukanatheka m'masiku a Kamuzu. Lamulo lounika nyimbo ndi mabuku linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1973, chaka chomwecho chimene Herc ankazunguza mbale zake, kuno tinali otanganidwa ndi lamulo loletsa amayi kuvala thalauzi. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo magule athu, malipenga omwe, ankapita kumisonkhano kukatamanda. Zinthu zinamasuka itatha referendamu ya mu 1993. Power 101 inatsegulidwa mu 1998, kanema wa TVM mu 1999, ndipo gulu la Real Elements linaonetsa kuti Chichewa chimakwera bwino pa ng'oma zimenezi. Pambuyo pake kunabwera a Phyzix, Fredokiss, Gwamba ndi malemu Martse, amene anatisiya mu 2022, akuimba m'chiyankhulo cha pamsewu za lendi, maganyu, geni ndi satifiketi yogona m'sutikesi.

Komatu nyimbo zimenezi n'za m'tauni. Geto imene imatchulidwa ndi Ndirande, Kawale, Mtandire. Mnyamata wa pa Mbamba kapena ku Makulawe amaziloweza zonse, mpaka kuyankhula ngati anabadwira ku Zingwangwa, chikhalirecho minibasi anaikwera kawiri moyo wake wonse. Izi n'zimene zimandiwawa, osati zoti chambacho n'chachilendo. Paja akulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Agogo athu atabwereka bandi ya mzungu sanaisiye momwe anaipezera, anaiveka chikho cha m'munda mwawo.

Ndipo zoimba pachilumba pano n'zosasowa. Boma lonse la Likoma linali ndi anthu oposa 14,000 pa kalembera wa mu 2018, ndipo ambiri a iwo amadalira nyanja. Pali mnyamata amene amachezera usiku wonse pa chilimila, siginala ali patsogolo ndi nyali zake, m'mawa mwini khoka n'kuyamba wachotsa za mafuta asanagawe chotsala. Pali mwera umene umatsekera mabwato kumtunda masiku angapo, m'nyumba mulibe ndiwo. Pali mayi wogona padoko ndi matumba a usipa kudikira Ilala, sitima imene inayamba kuyenda mu 1951, ndipo ikangopita kokonzedwa, mtengo wa chimanga, shuga ndi sopo pa Mbamba umakwera sabata yomweyo.