Ball python ndi kasungidwe kake pakati pa ziweto zina

Ball python ndi nsato yaing'ono ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, imene masiku ano ili m'gulu la njoka zowetedwa kwambiri m'nyumba za anthu ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa. Ilibe ululu. Nyama yake imaipha poikulunga ndi kuifinya. Ikakula imatalika mita imodzi kapena mita ndi theka, ndipo zofika mamita 1.8 n'zosowa. Ikasamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30, motero woigula amakhala nayo nthawi yaitali kuposa galu kapena mphaka aliyense wa pakhomo pake. Ku Saint Louis Zoo ku America, yaikazi ina ya zaka pafupifupi 62 inaikira mazira m'chaka cha 2020.

Mbiri yake

Kwawo ndi m'tchire laudzu ndi m'minda, kuyambira ku Senegal mpaka ku Uganda. Masana imabisala m'mauna a makoswe ndi m'zulu, n'kumatuluka kukada. Katswiri wa zanyama wa ku England, George Shaw, ndiye anailemba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1802, ndipo dzina lake la sayansi lero ndi Python regius.

Mbiri ya malonda ake imadziwika bwino kuyambira 1975, pamene pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama zakutchire linayamba kugwira ntchito. Kuchokera nthawi imeneyo njoka zimenezi zatumizidwa kunja mamiliyoni, makamaka kuchokera ku Togo, ku Benin ndi ku Ghana. Alenje amafukula zazikazi zomwe zili ndi mazira, kapena mazira enieniwo, n'kukagulitsa ku mafamu komwe amaswetsa. Tiana timakwezedwa ndege tikadali tating'ono. Poyamba inali njoka yotchipa ndi yovuta, chifukwa zogwidwa kutchire zinkafika ndi nkhupakupa ndipo zambiri zinkakana kudya. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1992, Bob Clark wa ku Oklahoma ataswetsa yachialubino, yoyera ndi yachikasu. Mu 1997 Peter Kahl anaswetsa ina ya zigamba zoyera. Anthu anayamba kuweta njokazi pofuna maonekedwe, ndipo lero mitundu ya mawanga ake ndi yosawerengeka. Kutchire n'kumene zinthu sizili bwino: bungwe la IUCN linaiika m'gulu la nyama zomwe zatsala pang'ono kukhala pachiopsezo.

Mayina ndi ulemu umene imalandira

Ikachita mantha siithawa ndipo kawirikawiri siluma. Imadzikulunga n'kubisa mutu pakati pa thupi. Azungu anaona mpira, n'chifukwa chake ku America amati ball python. Munthu wakwathu akanaona nkhata. Ku Britain ambiri amati royal python, potsata dzina la sayansi lija lomwe limakamba za ufumu.

Kwawoko njokayi yakhala pakati pa anthu kuyambira kale, koma osati m'bokosi. Mumzinda wa Ouidah ku Benin muli kachisi wa nsato, moyang'anana ndi tchalitchi chachikulu cha Katolika, momwe amasunga njoka zimenezi polemekeza mzimu wotchedwa Dangbe. Zina zimatuluka n'kukalowa m'nyumba za anthu, ndipo eni nyumba amazinyamula mwaulemu kuzibwezera kukachisi. M'madera ena a Aigbo ku Nigeria, nsato ikaphedwa ngakhale mwangozi amaichitira maliro. Alimi enanso amaikonda pa chifukwa chapafupi: imadya makoswe.

Zimenezi si zachilendo kwa Amalawi. Ku Khulubvi ku Nsanje amati Mbona amabwera ngati nsato, ndipo ku Msinja, kwa Makewana, kunali njoka yopatulika yotchedwa Thunga. Koma nsato yathu ndi mtundu wina. Imatha kupitirira mamita 4, imameza mbuzi ndi agalu, ndipo siyenera kusokonezedwa ndi kansato kokhala m'bokosi la mita imodzi ndi theka. Pamudzi, njoka ikangooneka anthu amathamangira ndodo osayamba afunsa ngati ndi mphiri, nalikukuti kapena njoka yopanda ululu, choncho Mmalawi amene wangofika ku Manchester kapena ku Johannesburg n'kupeza mnzake akuweta njoka pabalaza amadabwa, ndipo m'pomveka.

Kukhala ndi ziweto zina

Anthu ambiri amaganiza kuti njoka ndiyo ingavulaze mphaka kapena galu. Kwa ball python zimakhala zosiyana: yofunika kuitchinjiriza ndi njokayo. Mphaka amakopeka ndi chilichonse choyenda mokwawa, ndipo mano ndi zikhadabo zake zimasiya timabala tating'ono tovuta kuona pakati pa mamba. M'kamwa mwa mphaka muli mabakiteriya, ena mwa iwo otchedwa Pasteurella, amene amatha kupha nyama yaing'ono m'masiku ochepa. Njoka imene yagwidwa ndi mphaka iyenera kuonedwa ndi dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, ngakhale ikuoneka ngati ili bwino. Galu akailuma n'kuipukusa kamodzi, msana ukhoza kuthyoka.

Vuto lina la mphaka ndi kukonda pofunda. Bokosi la njoka limakhala ndi mbali yotentha madigiri 30 mpaka 32 ndi mbali yozizirirako ya madigiri pafupifupi 25, choncho mphaka amakonda kugona pamwamba pake. Ngati chivindikiro n'chasefa amachibowola, amagwetsa nyale yotenthetsera, kapena kutsomphola waya wa thermostat, kachipangizo koyang'anira kutentha. Ngakhale asawononge kanthu, njoka yomwe tsiku lonse ikuyang'anidwa ndi chilombo pagalasi imaleka kudya. Imafunika pobisala pawiri, pena kotentha pena kozizira, ndipo bokosi likhale m'chipinda chomwe chitseko chake chimatsekedwa. Zitseko zagalasi zotsetsereka zimafuna loko, chifukwa njokayi ili ndi mphamvu zokankha ndipo pomwe mutu walowa thupi limatsatira.

Kwa mbira, hamster, akalulu aang'ono, anapiye, nkhunda ndi mbalame za m'zikwere, njokayi ndi mdani weniweni. Imanunkhiza ndi lilime, lomwe limatengera fungo ku kachiwalo ka m'kamwa kotchedwa ndi dzina la Jacobson, ndipo pamlomo wam'mwamba ili ndi timaenje tomva kutentha kwa thupi la nyama ngakhale mumdima. Munthu amene wagwira mbira n'kupisa dzanja m'bokosi osasamba amalumidwa, osati chifukwa cha ukali koma chifukwa dzanjalo likufunda ndipo likununkha chakudya. Nazonso mbira ndi mbalame zimavutika zikamamva fungo la njoka, motero siziyenera kukhala chipinda chimodzi. Zithunzi za pa intaneti za njoka itagona ndi mwana wa mphaka zisanamize munthu. Njoka imatha kuzolowera kugwidwa, koma siidziwa chibwenzi, ndipo palibe chifukwa chozikumanitsira.

Njoka ziwiri nazo zimasungidwa payokhapayokha. Yatsopano imakhala chipinda china kwa miyezi ingapo isanayandikire zinzake, poopa matenda.

Chakudya, mankhwala ndi matenda

Oweta ambiri amadyetsa makoswe ophedwa kale, osungidwa mufiriji n'kusungunulidwa, kamodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri. Khoswe wamoyo amatha kuluma njoka mpaka kuivulaza kwambiri, ndipo wogwidwa m'nyumba akhoza kukhala atadya poizoni. Posungunula, galu ndi mphaka asafikepo.

Pa mankhwala m'pamene ambiri amalakwitsa. Njoka zimagwidwa ndi tizilombo takuda toyamwa magazi, ndipo mankhwala ena opopera m'bokosi amakhala ndi permethrin, yemwe ndi poizoni woopsa kwa amphaka. Mankhwala a utitiri wa agalu ndi opopera udzudzu nawo amavulaza njoka. Utuchi wa mkungudza, womwe ena amayalira tiziweto tating'ono, suyenera kulowa m'bokosi mwake.

Njoka zambiri zimakhala ndi mabakiteriya a Salmonella m'matumbo popanda kudwala. Mbale ya madzi ya njoka isatsukidwe m'sinki ya kukhitchini kapena pamodzi ndi mbale za galu, ndipo bungwe la CDC ku America limalangiza kuti ana osafika zaka 5 asamagwire nyama zokwawa.

Malamulo

Ku Britain lamulo la Dangerous Wild Animals Act la 1976 limafuna chiphaso pa njoka zambiri zaululu, koma ball python siili m'gululo. Ku England ndi ku Wales mwini wake amayenera kutsatira Animal Welfare Act ya 2006 ngati woweta aliyense. Ku South Africa malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo. Kufatsa ndi kuchepa kwa njokayi mwina n'kumene kwathandiza kuti anthu ena asiye kuopa njoka iliyonse. Nsato zikuluzikulu ndi nkhani ina: mu Ogasiti 2013 ku Campbellton ku Canada, nsato yaikulu ya ku Africa inatuluka m'khola lake kudzera polowera mpweya n'kupha ana awiri omwe anali mtulo, ndipo chaka cha 2012 dziko la America linali litaletsa kale kuitanitsa nsato za mtundu umenewo pamodzi ndi za ku Burma.