Banket: Mudzi wa Atsamunda, Komboni ya Matchona

Banket ndi kamudzi ka m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, pamsewu wochokera ku Harare kupita ku Chinhoyi. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 litakhazikitsa nthaka yachonde m'manja mwa azungu, atsamunda a kuno ankakhala ngati ali kumudzi kwawo ku Mangalande: kalabu, tchalitchi ndi sitolo pakati, minda ya fodya ndi chimanga mozungulira.

Koma kuseri kwa zigafa kunali mudzi wina, komboni. Ambiri okhalamo anali ochokera ku Nyasaland, Tete ndi Fort Jameson, othawa msonkho, thangata ndi umphawi. Ena anayenda wapansi, ena anakwera malole a Ulere, ndipo kuyambira 1946 ena analembedwa ndi bungwe lotchedwa Mthandizi. Kwa bwana ankalankhula Chilapalapa, koma pamaliro ndi pabwalo la gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, pankamveka Chinyanja. Amene sanabwererenso kwawo anatchedwa matchona.

Minda italandidwa kuyambira 2000, azungu ambiri anachoka. Antchito anataya ganyu ndi pogona pomwe, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ana awo alendo m'dziko lobadwira, kufikira malamulo a 2013 atawabwezera unzikawo.

Wolemba mbiri ya Banket akamvera zapakalabu zokha, wamva theka. Theka lina lili m'Chinyanja cha nkhalamba za m'komboni, ndipo nkhalambazo zikutha.