Nakumatt

Nakumatt inali kampani ya masitolo akuluakulu ya ku Kenya yomwe likulu lake linali ku Nairobi. Dzinali linachokera ku Nakuru Mattresses, sitolo yogulitsa matiresi ya m'tauni ya Nakuru komwe bizinesiyi inayambira. Eni ake anali a banja la Shah, ndipo mkulu woiyendetsa anali Atul Shah. Pa nthawi imene zinthu zinkaiyendera bwino inali ndi nthambi zoposa 60 ku Kenya, Uganda, Rwanda ndi Tanzania. Masitolo ake ankadziwika ndi chiboliboli cha njovu chimene chinkaima pakhomo.

Kukula kwake

Kampaniyi inatsegula sitolo ku Kigali mu 2008 ndi ku Kampala mu 2009, ndipo mu 2014 inagula masitolo a Shoprite a ku Tanzania. Inakumananso ndi ngozi ziwiri zazikulu. Mu Januwale 2009 sitolo yake ya pakati pa mzinda wa Nairobi inapsa ndi moto n'kuphetsa anthu ambiri, ndipo mu 2013 ina inawonongeka pamene zigawenga zinaukira malo ogulitsirapo malonda a Westgate.

Kugwa kwake

Chimene chinaigwetsa kwenikweni ndi ngongole. Masitolo akuluakulu amapeza phindu lochepa pa chinthu chilichonse, choncho amadalira kugulitsa katundu wambiri mwachangu. Katunduyo amamutenga pangongole kwa opanga mkaka, ufa, sopo ndi zina, n'kudzalipira atagulitsa. Nakumatt inkatsegula nthambi zatsopano ndi ndalama zobwereka, kwinaku ikuchedwa kulipira oipatsa katundu. Iwo atatopa kudikira anasiya kubweretsa katunduyo. Mu 2017 mashelufu ambiri anali opanda kanthu, antchito ankachedwa kulandira malipiro, ndipo eni nyumba anayamba kuitulutsa chifukwa cha lendi.

Zikafika pamenepa, sitolo siichedwa kutha. Munthu amene wasowa shuga ndi mafuta ophikira kawiri konse sabweranso kachitatu, ndipo ogula akachepa ndalama zobwezera ngongole zimasoweratu. Anthu analinso ndi kwina kopita. Naivas, kampani ya ku Kenya komweko, inali kukula, pomwe Carrefour inali italowa m'dzikolo mu 2016. Makampani awiriwa ndi amene anatenga ena mwa malo amene Nakumatt inachokamo.

Mu 2017 panali maganizo oti iphatikizane ndi Tuskys, koma sizinatheke. Mu Januwale 2018 khoti linasankha Peter Kahi kuti aiyendetse poyesa kuipulumutsa. Ngongole zake zinali zoposa mashilingi 30 biliyoni a ku Kenya, ndipo mbali yaikulu inali ya makampani oipatsa katundu. Mu Januwale 2020 amene inali nawo ngongole anavota kuti kampaniyo ithetsedwe. Tuskys, imene inkafuna kuithandiza ija, nayonso inayamba kutseka masitolo ake chaka chomwecho chifukwa cha ngongole.