Kayendedwe ka mamolekyu m'zamadzimadzi ndi m'mipweya

Kayendedwe ka mamolekyu ndi chiphunzitso cha sayansi chimene chimanena kuti chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tizidutswa tating'ono kwambiri totchedwa maatomu ndi mamolekyu, ndipo tizidutswati sitikhala phee. Mphamvu imene tili nayo poyenda ndi imene munthu amaimva ngati kutentha. Chinthu chikatentha mamolekyu ake amathamanga kwambiri, chikazizira amachepetsa liwiro. Chiphunzitsochi chimafotokoza chifukwa chake madzi amauma, amawira kapena kuundana, komanso chifukwa chake mpweya umafufumitsa tayala.

Zolimba, zamadzimadzi ndi mipweya

Mamolekyu amakokana, koma mphamvu ya kuyenda kwawo imalimbana ndi kukokanako. M'chinthu cholimba kukokana n'kumene kumapambana, choncho mamolekyu amangonjenjemera pamalo amodzi. M'zamadzimadzi amakhalabe moyandikana koma amatha kudutsana, n'chifukwa chake madzi amatenga maonekedwe a chiwiya chimene athiridwamo. Mumpweya amatalikirana kwambiri n'kumauluka paliponse, ndipo pa tsiku lofunda bwino amathamanga pafupifupi mamita 500 pa sekondi. Madzi okwana lita imodzi akawira onse amasanduka nthunzi yodzaza malita pafupifupi 1,700. Pozizira kwambiri pamene chinthu chingafike ndi madigiri seshasi 273.15 kunsi kwa ziro.

Kuuma kwa madzi

Mamolekyu a m'madzi sathamanga mofanana. Amene ali ndi mphamvu zambiri, akafika pamwamba pa madzi, amathawira mumpweya ngakhale madziwo asanawire. Popeza othawawo ndi amene anali ndi mphamvu zochuluka, madzi otsala amazizira. Umu ndi mmene thukuta limaziziritsira thupi, ndiponso mmene mtsuko wadothi umasungira madzi ozizira. Ogulitsa ndiwo zamasamba m'misika ngati wa Goliati, m'boma la Thyolo, amawaza madzi pamasamba awo pa chifukwa chomwechi.

Madzi amauma msanga kukatentha, kukakhala mphepo, akamwazikana pamalo aakulu, komanso mpweya ukakhala wopanda chinyezi.

Chitsanzo cha mafakitale a tiyi ku Thyolo

Ntchito yaikulu ya fakitale ya tiyi, monga za m'maesiteti a Satemwa, Makandi ndi Conforzi, ndi kuchotsa madzi m'masamba mwadongosolo. Tsamba longothyoledwa kumene limakhala ndi madzi pafupifupi magawo 75 mpaka 80 pa 100 alionse. Choyamba masamba amayalidwa pa waya wa sefa ndipo mafani aakulu amapemerera mpweya kuchokera pansi kwa maola oposa 12 kuti afote. Mpweya woyendawo umachotsa mamolekyu a madzi amene atuluka m'tsamba asanabwereremo.

Masamba akadulidwa n'kusintha mtundu, amalowa m'makina oumitsira mmene mumadutsa mpweya wotentha kuposa madigiri 100. Tiyi amatulukamo ndi madzi pafupifupi magawo 3 pa 100, ndipo makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi amapereka kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Ntchitoyi imadya moto wambiri: kusandutsa kilogalamu imodzi ya madzi owira kukhala nthunzi kumafuna mphamvu yoposa kasanu imene imafunika powatenthetsa kuchoka pa digiri 0 kufika pa 100. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene maesiteti amadzalira nkhalango za bulugamu kuti azipeza nkhuni. Tiyi akatuluka asanaume bwino amachita nkhungu, akapsa amataya fungo, ndipo mtengo wake umatsika pamsika.

Nyengo nayo imalowererapo. M'miyezi yozizira kumabwera chiperoni, mphepo yachinyezi yochokera ku Mozambique, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone. Ikamakwera mapiri a Thyolo ndi Mulanje imazizira, mamolekyu a nthunzi amataya mphamvu n'kugwirana kukhala timadontho ta chifunga ndi mvula yowaza. Pa masiku otere mpweya umakhala wodzaza kale ndi chinyezi, motero masamba amachedwa kufota ndipo zovala sizichedwa kununkha chinyontho pachingwe.

Kuwira

Madzi amawira pamene nthunzi ya mkati mwake yapeza mphamvu zokwanira kukankha mpweya umene ukupsinja pamwamba pake. M'mphepete mwa nyanja yamchere zimenezi zimachitika pa madigiri 100. Kumtunda mpweya umapepuka, choncho madzi amawira asanafike pa 100, ndipo mlingowu umatsika ndi digiri imodzi pa mamita pafupifupi 300 alionse. M'madera okwera pafupifupi mamita 1,000, monga mbali zambiri za Thyolo, madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97. Pansonga ya Sapitwa, paphiri la Mulanje, pomwe ndi mamita 3,002, amawira pa madigiri pafupifupi 90, ndipo nyemba zimachedwa kupsa.

Kukankha kwa mpweya ndi kufalikira kwa fungo

Mamolekyu a mpweya amagunda makoma a chiwiya mosalekeza, ndipo kugundaku n'kumene kumalimbitsa tayala la njinga. Kupopa kumaonjezera mamolekyu, pomwe kutentha kumaonjezera liwiro lawo. N'chifukwa chake tayala lopopedwa kwambiri limatha kuphulika padzuwa la mu Okutobala, ndipo botolo la gasi siliyenera kuikidwa pafupi ndi moto.

Kuyenda komweku kumachititsa kuti fungo lifalikire m'chipinda, ndi kuti mtundu wa tiyi ulowerere m'madzi otentha msanga kusiyana ndi ozizira.

Mbiri

Mu 1662 Robert Boyle anafalitsa zimene anapeza, zoti mpweya ukapanikizidwa m'malo ochepa umakankha kwambiri. Daniel Bernoulli anafotokoza mu 1738 kuti kukankhako kumachokera ku kugunda kwa tizidutswa. Mu 1827 Robert Brown anaona pa maikulosikopu tinthu tochokera mu mungu wa maluwa tikugwedezeka m'madzi, ndipo Albert Einstein anasonyeza mu 1905 kuti timagundidwa ndi mamolekyu a madziwo. James Clerk Maxwell ndi Ludwig Boltzmann ndi amene anakonza masamu a chiphunzitsochi m'zaka za m'ma 1800. Ku Malawi mutuwu umaphunzitsidwa m'phunziro la fizikisi ku sekondale, ndipo ndi maziko a maphunziro a uinjiniya m'masukulu a ukachenjede monga Malawi University of Science and Technology, imene ili ku Ndata pafupi ndi Goliati ndipo inatsegulidwa mu 2014.