Lamulo la Jacobi: Mbiri ya Luso Lofananitsa Gwero la Magetsi ndi Chipangizo

Gwero lililonse la magetsi, kaya ndi batire, jenereta kapena mlongoti wa wailesi, limadyako gawo la mphamvu imene likutulutsa. Mkati mwake muli waya ndi zinthu zina zimene zimakaniza magetsi kuyenda, ndipo kukaniza kumeneku, kumene akatswiri amati resistance, kumasandutsa mphamvu ina kukhala kutentha. N'chifukwa chake kuyambira pamene anthu anayamba kugwiritsa ntchito magetsi, funso limodzi lakhala likuwazunguza mitu: kodi chipangizo cholumikizidwa ku gwero chikhale chotani kuti chilandire mphamvu yochuluka koposa?

Woyamba kuliyankha momveka anali Moritz von Jacobi, amene anabadwira ku Potsdam m'chaka cha 1801. Mu 1834, ali ku Königsberg, anapanga mota yoyendera magetsi, ndipo mu 1837 anasamukira ku St Petersburg kumene boma la mfumu Nicholas I linamuthandiza ndi ndalama. Mu 1838 anayesa bwato loyendera mabatire pa mtsinje wa Neva, ndipo chaka chotsatira, atalikonzanso, linanyamula anthu 14. Mabatire a masiku amenewo ankadya zinki wokwera mtengo, choncho Jacobi ankafuna kudziwa njira yofinyira mphamvu yonse imene akanatha kupereka. Cha m'ma 1840 anafalitsa zimene anapeza: chipangizo chimalandira mphamvu yochuluka koposa pamene resistance yake yafanana ndi ya mkati mwa gwero.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo amachokera pa lamulo limene Georg Ohm anafalitsa mu 1827. Gwero la mavoti 100 lokhala ndi ma ohm 10 mkati mwake, likalumikizidwa ku chipangizo cha ma ohm 10, limayendetsa ma ampere 5, ndipo chipangizocho chimalandira mawati 250. Chipangizo chikakhala cha ma ohm 40, ma ampere amatsika kufika pa 2 ndipo chimalandira mawati 160. Chikakhala cha ma ohm 2.5, ma ampere amakwera kufika pa 8 koma chimalandirabe mawati 160 okha. Nsonga ili pomwe ziwirizo zafanana. Komatu pansonga pomwepo gwero nalonso likutentha ndi mawati 250, kutanthauza kuti theka la mphamvu yonse likuwonongeka. Pa chipangizo cha ma ohm 40 chija, zotayika ndi mawati 40 basi, ndipo magawo 80 pa 100 alionse akugwira ntchito.

Apa m'pamene akatswiri ambiri a zaka zimenezo anasokera. Anasakaniza mphamvu yochuluka ndi mphamvu yosawonongeka, n'kumakhulupirira kuti makina amagetsi opangidwa bwino amayenera kutaya theka la mphamvu yawo. Kwa zaka zambiri majenereta ankapangidwa motsata ganizo limeneli. Cha m'ma 1879, ku Menlo Park m'chigawo cha New Jersey, Thomas Edison ndi katswiri wake wa masamu Francis Upton analitembenuza. Iwo sankafuna kufinya jenereta mpaka pamapeto, ankafuna kugulitsa kuwala pa mtengo wotsika kuposa nyali za gasi. Anachepetsa kwambiri resistance ya mkati mwa jenereta, n'kupanga mababu okhala ndi resistance yokwera. Siteshoni ya Pearl Street mumzinda wa New York, imene inayamba kugwira ntchito pa 4 Sepitembala 1882, inamangidwa pa maziko amenewa. Lamulo la Jacobi silinaname. Limanena za kusankha chipangizo pamene gwero silingasinthidwe, osati za kapangidwe ka gwerolo.

Magetsi osinthasintha mbali, odziwika kuti AC, atayamba kufala, funso lija linakula. Mu 1885 akatswiri a kampani ya Ganz ku Budapest, Zipernowsky, Bláthy ndi Déri, anapanga thiransifoma yodalirika, ndipo mu 1891 magetsi anatumizidwa mtunda wa makilomita pafupifupi 175 kuchokera ku Lauffen kukafika ku Frankfurt. Mu AC, waya wokulungidwa ngati nkhata, wotchedwa koyilo, amachedwetsa karenti, imene imayezedwa m'ma ampere, kuti izitsalira kumbuyo kwa mavoti, pamene chipangizo china chotchedwa capacitor chimaitsogoza. Zipangizo ziwirizi sizidya mphamvu, zimangoisunga kanthawi n'kuibweza, koma potero zimachepetsa imene ikanafika kwa wofunika kuilandira. Zili ngati kukankha mwana pa katungwe: wokankha pa nthawi yolakwika amatopa pachabe, pamene wogwirizana ndi kayendedwe ka katungweyo amamuulutsa ndi mphamvu yochepa.

Oliver Heaviside wa ku England ndi amene anatcha kukaniza konse kwa mu AC dzina lakuti impedance mu 1886. Mu 1893 Arthur Kennelly ndi Charles Steinmetz anasonyeza ku America kuti impedance ingalembedwe ngati nambala ya mbali ziwiri: resistance imene imadya mphamvu, ndi reactance imene imangoisunga. Zitatero, lamulo la Jacobi linapeza maonekedwe ake atsopano. Kuti chipangizo chilandire mphamvu yochuluka koposa, resistance yake ifanane ndi ya gwero, ndipo reactance yake ikhale yofanana kukula ndi ya gwero koma yotsutsana nayo. Gwero likakhala ndi ma ohm 10 a resistance ndi ma ohm 5 a reactance ya koyilo, chipangizo chikhale ndi ma ohm 10 a resistance ndi ma ohm 5 a reactance ya capacitor. Ziwiri zotsutsanazo zimafafanizana, karenti ndi mavoti zimayendera limodzi, ndipo nkhani imabwerera pa masamu a Jacobi aja.

Kuchokera pamenepa ntchito ya zamagetsi inagawika panjira ziwiri. Opanga ndi kugawa magetsi a m'mizinda anatsata Edison. Palibe siteshoni, ngakhale ya Nkula pa mtsinje wa Shire, imene ingalole theka la mphamvu yake kuthera m'majenereta ndi m'mawaya. Iwo amachepetsa impedance ya gwero, amakweza mavoti potumiza magetsi kutali, ndipo amaika ma capacitor pafupi ndi mamota a m'mafakitale kuti achepetse karenti yongoyendayenda pachabe.

A telefoni ndi wailesi anatsata Jacobi. Mawu oyenda pa waya kapena ogwidwa ndi mlongoti amakhala ndi mphamvu yochepetsetsa, ndipo chofunika n'chakuti afike, ngakhale theka litatayika. Asanabwere makina okuza mawu, kadontho kalikonse ka mphamvu kanali kamtengo wapatali. Panalinso vuto lina: pa waya wautali, impedance ikasiyana polumikizira, gawo la mafunde limabwerera kumene lachokera. Amisiri anayamba kugwiritsa ntchito mathiransifoma ang'onoang'ono, makoyilo ndi ma capacitor pofananitsa mbali ziwirizo, ndipo ma ohm 600 anakhala muyezo wa matelefoni. Mu 1929 Lloyd Espenschied ndi Herman Affel a ku Bell Laboratories anakonza chingwe cha coaxial, chokhala ndi waya mmodzi pakati wokutidwa ndi chishango chachitsulo. Miyezo iwiri inakhazikika pambuyo pake: ma ohm 50 pa makina otumiza mawu a wailesi, ndi ma ohm 75 pa zingwe za wailesi yakanema. Mu 1939 Phillip Smith wa komweko anafalitsa tchati chozungulira chimene chinapeputsa masamu ofananitsira, ndipo chikuphunzitsidwabe m'makoleji a zaumisiri.

Lero chingwe chochokera pa dishi kupita ku dikoda ndi cha ma ohm 75, ndipo mkati mwa foni iliyonse ya m'manja muli timakoyilo ndi tima capacitor tofananitsa mlongoti ndi makina ake. Mmisiri woidziwa ntchito yake amayamba wadzifunsa chimene akufuna: akafuna kusunga mphamvu amachepetsa impedance ya gwero, akafuna kuti uthenga wofooka ufike amafananitsa gwero ndi chipangizo.