Mmene mince pie anachepera mpaka kukwana m'dzanja

Khirisimasi yanga yoyamba ku England, mayi wachikulire woyandikana naye nyumba anagogoda pakhomo atanyamula mbale yovindikira ndi kansalu. M'mbalemo munali timapayi 6, kalikonse kukula ngati chitumbuwa, pamwamba atawaza shuga wosalala ngati ufa. Anati ndi ma mince pie. Pomva dzinalo ndinayembekezera nyama yogaya ngati ya kubutchala, koma nditaluma ndinapeza mphesa zouma, maapozi, makoko a malalanje ndi fungo la sinamoni. Mayiwo anaona nkhope yanga, nandiuza kuti nyama inachokamo kalekale, chatsala ndi dzina. Kuyambira chaka chimenecho ndimaphika timapayiti Disembala aliyense, ndipo mbiri yake ndakhala ndikuitola pang'onopang'ono.

Poyamba nyama inalimodi, yambirinso. Buku la maphikidwe la Forme of Cury, lomwe analemba ophika a Mfumu Richard II cha m'ma 1390, lili ndi payi wa nyama ya nkhumba yosakaniza ndi zipatso zouma ndi zokometsera zochokera kum'mawa. Chinali chakudya cha kunyumba yachifumu, chifukwa zipatso zouma ndi zokometserazo zinkabwera pa zombo ndipo zinali zodula. Pofika 1615, Gervase Markham m'buku lake la The English Huswife ankayamba ndi mwendo wa nkhosa, n'kuwonjezera mafuta olimba a nyama, mphesa zouma, zipatso za kanjedza, makoko a malalanje ndi tsabola. Chigoba cha ufa chosungira zonsezi ankachitcha coffin, mawu amene nthawi imeneyo ankatanthauzanso bokosi wamba. Markham anasiyira wophika kusankha yekha: chigoba chimodzi chachikulu kapena zingapo.

Kuphika mapayiwa kunali kugwira ntchito, osati masewera. Samuel Pepys, mkulu wa boma wa ku London amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, analemba kuti pa Khirisimasi ya 1666 anadzuka n'kusiya mkazi wake ali m'tulo, chifukwa mayiyo anachezera mpaka 4 koloko m'mawa akuyang'anira atsikana antchito amene ankapanga ma mince pie. Ndikamawerenga zimenezi maganizo anga amapita kwa atsikanawo, amene mayina awo palibe amawakumbukira. Kuchotsa njere mu mphesa zouma imodziimodzi, kuduladula mafuta ndi mpeni, kusenda maapozi, kukoleza uvuni wa nkhuni. Zaka zinayi m'mbuyomo, mu 1662, mkazi yemweyo ankadwala, ndipo Pepys anatuma munthu kukagula payi kwina. Panali patangopita zaka ziwiri chibwerereni ufumu ku England pamodzi ndi chikondwerero cha Khirisimasi, chimene nyumba ya malamulo inathetsa mu 1647.

Mayi amene ndimamuona ngati mnzanga wa kukhitchini ndi Hannah Glasse. M'buku lake la mu 1747, The Art of Cookery Made Plain and Easy, muyezo wa zam'kati mwa payi ndi wochititsa mantha: mapaundi 3 a mafuta a nyama, mapaundi 4 a mphesa zouma za mitundu iwiri, ndi maapozi 50. Zosakanizazo ankaziika mumtsuko n'kumatapamo kwa miyezi. Nyama anaisiya ngati chinthu choti wofuna awonjezere, lilime la ng'ombe kapena nyama ya kumsana. M'mawu ochepa chabe, anauzanso wofuna kuphika m'timbale ting'onoting'ono kuti asakanize zinthu molingana ndi timbaleto. Basi. Sanatchule kuti zingati, kapena kuti moto ukhale nthawi yaitali bwanji. Ankalembera anthu amene manja awo ankadziwa kale.

Amayi anga nawonso ankaphika chigumu choncho, ndi kapu imodzi ya chitsulo, makala pansi pa poto ndi pa chivindikiro. Mukanawafunsa muyezo wa theka akanangokuyang'anani. Koma mwana amene wachoka pakhomo asanaphunzire amafunika manambala, ndipo ku England manambalawo anabwera ndi Eliza Acton. Buku lake la mu 1845, Modern Cookery for Private Families, linaika pa chakudya chilichonse mndandanda wa zofunika, kulemera kwake ndi nthawi yophikira. Kwa ine apa ndi pamene nkhani inatembenukira, chifukwa chinthu chopanda muyezo sungachigawe pawiri. Acton anali akuikabe lilime la ng'ombe. Isabella Beeton mu 1861 anapereka njira yokhala ndi nyama ndi ina yopanda nyama, ndipo m'zaka zotsatira nyamayo inazimiririka. Shuga anali atatsika mtengo kwa nthawi yaitali, makamaka chifukwa cha minda ya nzimbe ya ku Caribbean imene inalimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Kutsekemera kwa kapayika kuli ndi misozi imeneyo kumbuyo kwake, ndipo sindifuna kuti tiziiwale. Chatsala cha nyama lero ndi mafuta a ng'ombe a pa impso, ngakhale ambiri tsopano amaika a masamba.

Payi atatsekemera anasiya kukhala ndiwo ya patebulo, n'kukhala chopatsa mlendo. Pali chikhulupiriro chakale cha Angelezi chakuti ukadya mince pie mmodzi pa tsiku lililonse mwa masiku 12 a Khirisimasi, makamaka m'nyumba zosiyanasiyana, udzakhala ndi miyezi 12 yamtendere. Mwambo wotere sungatheke ndi chimpayi chofuna mpeni ndi mbale. Umafuna kanthu kolandira munthu ataimirira pakhomo, chikhoti chili m'thupi.

Kuchepetsa payi ndinakuphunzira movutika. Chaka chimene ndinalonjeza kutengera anthu onse a kutchalitchi kwathu, ndinagula thireyi ya timabowo 24 m'malo mwa ya mabowo 12 imene ndinaizolowera. Ndinaganiza kuti nkhani ndi kungodula timagawo ting'onoting'ono. Thireyi yoyamba inatuluka yolimba ngati mikute, yachiwiri zam'kati zinasefukira n'kumatirira ku chitsulo. Ndinakhala pansi usiku umenewo mtima ukuwawa, chifukwa batala ndi wodula ndipo lonjezo linali litaperekedwa kale.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kapayi kakachepa, chigoba chimachuluka poyerekeza ndi zam'kati. Ukafulula ufa mochindikala ngati wa payi wamkulu, munthu amangotafuna chigoba. Tsopano ndimafulula mopyapyala, mamilimita awiri kapena atatu, ndipo pamwamba ndimaika kanyenyezi ka ufa m'malo motseka ponse. Ufa wa tirigu magalamu 225 ndi batala wozizira magalamu 110, pamodzi ndi madzi ozizira pang'ono, zimandipatsa mapayi 12 a msinkhu wamba kapena timapayi pafupifupi 24. Zam'kati ndimaika kasupuni ka tiyi kosadzaza, chifukwa shuga akawira amakwera. Moto ndimausiya pa madigiri 200, koma nthawi imatsika kuchoka pa mphindi 20 kufika pa 12 kapena 15. Onani kuti siitsika ndi theka. Ikangokwana mphindi 10 ndimaima pa uvuni, maso pa galasi, mpaka m'mphepete mutayamba kufiirira.

Dzira nalo limasokoneza anthu akamagawa muyezo wa keke. Liswereni m'kapu, limenyeni, liikeni pa sikelo: la msinkhu wamba limalemera magalamu pafupifupi 50 lopanda chigoba, choncho theka lake ndi 25, ndipo lotsalalo mupake pamwamba pa timapayi. Chitini chozungulira cha masentimita 10 m'mimba mwake sichilowa theka la zimene zimalowa m'cha masentimita 20, chimalowa gawo limodzi mwa magawo anayi. Anthu ambiri amataya ufa pa masamu amenewa.

Mayi woyandikana naye uja anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo mwana wawo anandipatsa thireyi yawo yakale ya mabowo 12, yakuda ndi moto. Ndimayamba ndi imeneyo, kenako ya timabowo 24, maulendo anayi. Timapayi timakwana 108, ndipo Lamlungu lomaliza Khirisimasi isanafike aliyense wa mumpingo, kuyambira agogo mpaka ana a Sande sukulu, amalandira kake pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero. Ngati chaka chino mukufuna kuyesa, yambani ndi thireyi imodzi, lembani pa pepala mphindi zimene uvuni wanu watenga, ndipo mbale yoyamba ipite kwa amene mwayandikana nawo khomo.